Anathawa Hitler ali ana, atakula anakana tsankho kwathu kuno

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, munthu wokhala ndi wailesi m'midzi yozungulira Fort Jameson, tauni imene lero timati Chipata, sankacheza yekha madzulo. Dzuwa likapendeka, anansi ankabwera ndi timipando tawo n'kuzungulira kachitsulo kabuluu kooneka ngati poto, kolumikizidwa ku batire lolemera kuposa wailesiyo. Kuchokera ku Lusaka kunkamveka gitala wa Alick Nkhata, moni wa anthu a kumigodi wopita kwa abale kumudzi, ndi nkhani za m'Chinyanja.

Ndi ochepa mwa omverawo amene ankadziwa kuti mmodzi mwa okonza mapulogalamu pa nyumba ya wailesiyo anali Myuda wobadwira ku Germany, amene anafika ku Northern Rhodesia mu 1939 ali ndi zaka 12, atapirikitsidwa kwawo ndi boma la Adolf Hitler. Dzina lake anali Peter Fraenkel. Nthawi yomweyo ku Ndola, Myuda wina wachinyamata, Simon Zukas, amene anachoka ku Lithuania mu 1938 ali ndi zaka pafupifupi 13, ankakhala m'misonkhano ndi Reuben Kamanga, mwana wa ku Chitandika m'boma la Chipata, kupangana mmene angakanire Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Awiriwa sanabisale m'maenje, ndipo sanatuluke m'misasa ya imfa ali mafupa okhaokha ngati ana amene timawaona m'zithunzi za nthawiyo. Anapulumuka chifukwa makolo awo anapeza chikalata cholowera m'dziko lina nthawi isanathe. Anzawo ambiri amene ankasewera nawo sanachipeze. Mbiri yawo ikutikhudza ife chifukwa cha zimene anasankha kuchita atafika m'dziko limene khungu lawo linawaika kumbali ya odyerera.

Mzinda umene unakana ana ake

Peter Fraenkel anabadwa mu 1926 ku Breslau, mzinda waukulu wa kum'mawa kwa Germany wa masiku amenewo. Kunali Ayuda oposa 20,000, ndipo mizinda iwiri yokha, Berlin ndi Frankfurt, ndiyo inali ndi ochuluka kuposa pamenepo. Ambiri anali ngati banja la kwawo kwa Peter: ophunzira, olankhula Chijeremani m'nyumba, osakangalika kwenikweni ndi za ku sunagoge, odziona kuti ndi Ajeremani basi. Amuna ambiri a m'mabanja otere anamenyera Germany pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918.

Hitler analowa m'boma pa 30 Januwale 1933, Peter ali ndi zaka 6, ndipo mnyamatayo anakula limodzi ndi malamulo atsopano. Mu Epulo chaka chomwecho Ayuda anayamba kuchotsedwa pa ntchito za boma. Mu 1935 malamulo a ku Nuremberg anawalanda ufulu wa unzika, n'kuletsa ukwati pakati pa Myuda ndi Mjeremani wina aliyense. Boma silinkafunsa kumene munthu amapemphera. Linkawerenga agogo ake. Wokhala ndi agogo atatu kapena anayi achiyuda anali Myuda, ngakhale atabatizidwa ali wakhanda.

Usiku wa pa 9 Novembala 1938 masunagoge anatenthedwa m'dziko lonselo, masitolo a Ayuda anaphwanyidwa, ndipo amuna pafupifupi 30,000 anagwidwa n'kutumizidwa ku misasa ya Dachau, Buchenwald ndi Sachsenhausen. Sunagoge wamkulu wa ku Breslau, mmodzi mwa aakulu kwambiri m'Germany, anapsa usiku umenewo. Pasanathe sabata, boma linalamula kuti mwana wachiyuda asapondenso m'sukulu za boma. Amene ankati mphepo ipita, tidikire, anayamba kumanga katundu.

Khomo lotsegulidwa pang'ono

Kutuluka kunali kovuta, koma kupeza kolowera kunali kovuta kuposa. Mu Julayi 1938 nthumwi za mayiko 32 zinakumana ku Evian, ku France, kukambirana za othawa Hitler. Mawu achisoni analankhulidwa ambiri, koma pafupifupi dziko lililonse linati kwathu kwadzaza. Masunagoge atapsa, Britain inalola ana pafupifupi 10,000 kulowa m'dziko lake, makolo awo n'kutsala. Pa 21 Novembala 1938 nduna yaikulu ya Britain, Neville Chamberlain, inauza nyumba ya malamulo kuti boma likuyang'ana malo m'mayiko amene linkalamulira, ndipo pa mayina amene inatchula panali Northern Rhodesia ndi Nyasaland.

Ku London anajambula mapulani okhazika mabanja achiyuda pa minda ku Mwinilunga, kumpoto chakumadzulo kwa dziko. Azungu okhala kuno anakana. Ena ankaopa kulandidwa ntchito ndi malonda, ena ankangodana ndi Ayuda. Makalata anayenda pakati pa Lusaka ndi London, makomiti anakhala, mpaka nkhondo inayamba mu Seputembala 1939 popanda mudzi ngakhale umodzi womangidwa.

Pa zokambirana zonsezo, eni nthaka sanafunsidwe. Anthu a kuno kum'mawa amadziwa bwino tanthauzo la mawu akuti malo opanda anthu akatuluka m'kamwa mwa mtsamunda. Chikalata chimene wamalonda wachijeremani Carl Wiese anapeza kwa Mpezeni ndicho chinabala kampani ya North Charterland, imene inadzitcha mwini wa dera lalikulu lozungulira Fort Jameson. Angoni atagonjetsedwa mu 1898, nthaka yabwino inapita ku minda ya fodya ya azungu, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 Achewa, Angoni, Ansenga ndi Akunda anakankhidwira m'malo opanikiza amene boma linawapatulira, pamene gawo lalikulu la malo olandidwawo linangokhala tchire. Boma linadzagula malo a kampaniyo mu 1941 litaona kuti anthu apanikizana mpaka nthaka kuguga.

Tsono zoona ziwiri ziyenera kunenedwa pamodzi. Nthaka ya ku Mwinilunga sinali ya Angelezi kuti aigawe. Koma dokotala, telala, makaniko ndi ana awo sankafuna nthaka ya munthu. Ankafuna chidindo pa pasipoti. Dziko lalikulu chonchi linalandira othawa achiyuda ochokera ku Germany ndi Austria pafupifupi 300 okha. Banja la a Fraenkel linali mwa ochepawo. La a Zukas linali litafika kale chaka chimodzi m'mbuyomo: bambo anatsogola kudzafuna ntchito kudera la migodi, kenaka anaitanitsa mayi ndi ana.

Kaundula wa Karl Jäger

Chimene chikanawachitikira anyamata awiriwa chinalembedwa ndi wakuphayo mwini. Karl Jäger anali mkulu wa gulu la asilikali a Hitler a SS lotchedwa Einsatzkommando 3, limene linatumizidwa ku Lithuania Ajeremani atalanda dzikolo mu Juni 1941. Pa 1 Disembala chaka chomwecho analembera akuluakulu ake lipoti, tsiku ndi tsiku, tauni ndi tauni, ngati mmene kalaliki amalembera mabelo a fodya ku okushoni.

Pa mzere wa pa 5 Seputembala 1941 pali dzina la Ukmergė, kwawo kwa Simon Zukas: amuna 1,123, akazi 1,849, ana 1,737. Onse pamodzi 4,709, tsiku limodzi. Anaomberedwa m'nkhalango ya Pivonija kunja kwa tauniyo, ndipo ena mwa owomberawo anali anthu a ku Lithuania komweko. Pa mzere wa pa 29 Novembala pali linga la nambala 9 ku Kaunas, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Ukmergė: anthu 2,000, mwa iwo ana 152, amene anabwera pa sitima kuchokera ku Vienna ndi ku Breslau. M'gulu la ku Breslau munali katswiri wa mbiri yakale Willy Cohn, mkazi wake, ndi ana awo aakazi awiri aang'ono.

Anansi a Simon ndi anansi a Peter, anthu amene sanadziwanepo, anathera m'maenje a m'dziko limodzi, m'kaundula wa munthu mmodzi. Chaka chimenecho Simon anali ndi zaka 16, Peter 14, onse ali pa sukulu kuno ku Africa. Pofika 1945, mwa Ayuda 10 alionse a ku Lithuania, oposa 9 anali ataphedwa. Mu Ulaya monse anaphedwa pafupifupi 6 miliyoni, ndipo ana anali pafupifupi 1.5 miliyoni. Breslau nayo inatha: nkhondo itatha mzindawo unaperekedwa ku Poland, Ajeremani anasamutsidwa, ndipo lero umatchedwa Wrocław. Kobwerera kunalibe.

Mbali ina ya kazenera

Moyo wa othawawo sunali wa wedewede. Anthu amene kwawo anali maloya ndi eni makampani anayamba kuchapa zovala za anzawo, kugulitsa m'masitolo, kuyang'anira ziweto pa mafamu. Nkhondo itayamba, boma linawalemba m'gulu la alendo ochokera kwa mdani, chifukwa mapasipoti awo anali a ku Germany, dziko lomwelo limene linawathamangitsa, ndipo mayendedwe awo anaikiridwa malire. Azungu ambiri achingelezi ankawayang'ana ndi diso la kumbali.

Sanali okha othawa nkhondo m'dziko muno. Ku Fort Jameson kunali msasa wa anthu a ku Poland, monganso ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa ndi ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala. Ambiri mwa anthu a ku Poland amene anabwera ku Africa anali amayi ndi ana achikatolika amene anadutsa m'misasa ya ku Soviet Union n'kutulukira ku Iran. Nkhondo itatha misasayo inatsekedwa ndipo ambiri anapita kwina.

Ayuda ambiri anatsala, ndipo apa m'pamene nkhani ikupindika. Mnyamata amene ku Breslau ankaletsedwa kukhala pa benchi ya m'paki anapezeka kuti ku Lusaka akulowa pa khomo la kutsogolo, pamene mwini dziko akugula nyama pa kazenera ka m'mbali mwa butchala, osaloledwa ngakhale kuiona asanalipire. Mwana wa mzungu, ngakhale wosauka, anali ndi sukulu ya boma yomudikira. Mwana wa munthu wakuda ankadalira amishoni, ndipo sekondale ya Munali, yoyamba ya anthu akuda, inangoyamba mu 1939. Mwamuna wakuda ankayenda ndi chitupa m'thumba.

Kuzunzika sikusandutsa munthu kukhala wolungama. Othawa ambiri anaweramitsa mutu n'kuzolowera, ndipo n'zomveka: munthu amene wangopulumuka kumene safuna kuputanso boma lina. Ena anapita patali kuposa kungozolowera. Roy Welensky, amene anadzakhala nduna yaikulu ya Chitaganya ndi mzati wa ulamuliro wa azungu, anali mwana wa Myuda wochokera ku Lithuania, ngakhale iye anabadwira ku Salisbury. Magazi sanasankhire munthu mbali. Aliyense anasankha yekha.

Mawu a anthu pa mphepo

Atamaliza maphunziro pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, a Fraenkel analowa ntchito ku wailesi ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka. Wailesiyi inayamba mu 1941 ngati kanyumba ka boma kouza anthu za nkhondo imene ana awo ankamenya kutali. Mkulu wa zofalitsa nkhani, Harry Franklin, ndiye anakakamira kuti ikhale ya anthu akuda a m'mayiko atatu, ndipo anayendayenda ku Britain mpaka kampani ya Ever Ready inavomera kupanga wailesi yotsika mtengo. Inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mapaundi 5, batire padera. Zibowo zake zinatchingidwa ndi kawaya kuti tizilombo tisalowe. Mapulogalamu ankaulutsidwa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingelezi, motero munthu wa ku Chadiza ndi wa ku Dedza ankamvera mawu amodzi nthawi imodzi.

Nyumbayi inali chilumba m'dziko la tsankho. Akuda ndi azungu ankagwira ntchito m'chipinda chimodzi, galimoto yojambulira inkapita m'midzi kukatenga nyimbo ndi nthano, ndipo makalata a omvera ankabwera milumilu. A Fraenkel anaikamo mtima wawo wonse, ndipo anapalana ubwenzi ndi anzawo akuda pa nthawi imene mzungu wochita zotero ankanenedwa.

Koma wailesiyo inali ya boma, ndipo boma linkafuna Chitaganya chimene anthu ankachikana. M'zaka za 1952 ndi 1953 kunabuka mphekesera za banyama, amene ku Malawi amati anamapopa, ndipo zala zinaloza anthu akuda ogwira ntchito pa wailesi. Ena anaopsezedwa, mabanja awo n'kumagona ndi mantha. Bodza la magazi silinali lachilendo kwa Myuda wa ku Ulaya: kwa zaka mazanamazana makolo ake ankanamiziridwa kuti amapha ana a Akhristu kuti atenge magazi awo, ndipo nyuzipepala za chipani cha Hitler cha Nazi zinaliutsanso. M'buku lawo lotchedwa Wayaleshi, limene linatuluka mu 1959, a Fraenkel analemba za mphekeserazi mosanyoza anthu amene ankazikhulupirira. Anasonyeza kuti mantha amenewo anamera pa nthaka ya ndale, pamene anthu ankaona dziko lawo likuperekedwa kwa azungu a ku Salisbury iwo akukana.

Chitaganya chinayamba mu 1953, ndipo mphamvu pa wailesi zinayamba kusamukira kumwera. A Fraenkel anachoka mu 1957. Ku London analowa ku BBC, kumene anakwera mpaka kukhala mkulu woyang'anira mapulogalamu opita ku mayiko a ku Ulaya. Mwana amene Ulaya inamutaya anadzakhala woyang'anira mawu opita m'nyumba za ku Ulaya komweko. Mbiri ya ubwana wawo anailemba m'buku la No Fixed Abode la mu 2005.

Kupirikitsidwa kachiwiri

A Zukas anasankha njira yaminga kwambiri. Pa nthawi ya nkhondo analowa usilikali n'kukagwira ntchito ndi asilikali akuda kum'mawa kwa Africa. Kenaka anaphunzira uinjiniya pa yunivesite ya Cape Town, m'zaka zomwe chipani cha National Party chinatenga boma la South Africa mu 1948 n'kuyamba kulemba tsankho m'malamulo. Atabwerera, analowa m'komiti ya ku Ndola yokana Chitaganya, pamodzi ndi Justin Chimba, Nephas Tembo ndi Reuben Kamanga, ndipo ankasindikiza kanyuzipepala kotchedwa Freedom Newsletter.

Mzungu wokhala kumbali ya anthu akuda anali woopsa ku boma kuposa wakuda wokwiya, chifukwa ankaphwanya chiphunzitso chonse chakuti khungu ndilo mbali. Mu 1952 anamangidwa, anasungidwa miyezi ingapo m'ndende ya ku Livingstone, ndipo khoti linagamula kuti ndi woopseza mtendere. Chakumapeto kwa chakacho anawakweza ulendo wa ku Britain, dziko limene sanakhalepo. Ali ndi zaka 27 anali atataya kwawo kachiwiri.

Ku London anatsegula ofesi ya uinjiniya, anakwatira Cynthia Robinson wa ku South Africa, ndipo anapitiriza kuthandiza omenyera ufulu amene ankafika kumeneko. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, a Kamanga ali wachiwiri kwa Pulezidenti Kenneth Kaunda, ndipo a Zukas anabwerera kudzamanga dziko ndi ntchito ya manja awo. Mayi Cynthia Zukas anadzayambitsa bungwe la Lechwe Trust mu 1986, limene lasunga ntchito za amisiri ojambula ndi osema a m'Zambia.

Ulamuliro wa chipani chimodzi utafika potopetsa, a Zukas anali m'gulu la oyambitsa chipani cha MMD. Mu 1991 anthu a ku Sikongo, kumalire a Angola, anasankha mzungu wobadwira ku Lithuania kukhala phungu wawo, ndipo anakhala nduna m'boma la Frederick Chiluba.

Makolo ako anabadwira kuti?

Funso limeneli anthu a ku Chipata amalidziwa. Malire a pa Mwami anadula pakati pa mabanja: malume ku Mchinji, mphwake ku Chipata, manda a agogo tsidya lino, munda tsidya ilo. Kalonga Gawa Undi ali ku Mkaika ku Katete, koma anthu ake ali m'mayiko atatu. Dera lino lalandiranso othawa ake. Mu 1972 a Mboni za Yehova zikwizikwi anathawa nkhanza ku Malawi n'kudzaunjikana ku Sinda Misale, kumene matenda anatenga ana ambiri. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inakankhira anthu m'midzi ya Chadiza, Katete ndi Petauke, ndipo mu 1987 kunatsegulidwa malo a Ukwimi. Ambiri mwa iwo analandiridwa ndi anthu wamba boma lisanafike ndi makaundula, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma funso lomweli limasanduka chida likalowa m'manja mwa andale. Mu 1994 boma la MMD linagwira akuluakulu awiri a chipani cha UNIP, William Banda ndi John Chinula, n'kukawatula ku Malawi ponena kuti si nzika za Zambia. A Chinula anamwalira asanabwerere. Mu 1996 boma lomwelo linasintha malamulo a dziko kuti wopikisana pa upulezidenti akhale woti makolo ake onse awiri ndi a ku Zambia mwa kubadwa. Aliyense ankadziwa amene lamulolo linkasaka: a Kaunda, amene makolo awo anachokera ku Nyasaland.

A Zukas anatula pansi unduna, pamodzi ndi Dipak Patel. Palibe angafananize lamulo la 1996 ndi maenje a ku Pivonija, ndipo kutero kungakhale kunyoza ophedwawo. Koma munthu amene anaona Ulaya ikuwerenga agogo a anthu, amenenso anapirikitsidwa ndi atsamunda chifukwa choima ndi anthu a khungu lina, anazindikira msanga kumene njira yotere imayambira. Imayambira pa pepala, ndi funso looneka ngati la ofesi. A Zukas analemba mbiri yawo m'buku la Into Exile and Back la mu 2002, ndipo anamwalira ku Lusaka pa 27 Seputembala 2021 ali ndi zaka 96. Ndime ya makolo ija inali itachotsedwa m'malamulo mu 2016.

Ayuda a m'Zambia, amene m'zaka za m'ma 1950 anafika pafupifupi 1,000, lero atsala ochepa kwambiri. Masunagoge a ku migodi anagulitsidwa, ndipo gawo la ndalamazo linathandiza kumanga sukulu ya madokotala ya Copperbelt University ku Ndola. Zotsala za mbiri yawo zili m'kanyumba kosungira zakale ku Livingstone.

Atsamunda a mu 1938 ankaona othawa ngati katundu wolemetsa, ndipo analola ochepa. Mwa ochepawo munatuluka womenyera ufulu amene analowa ndende chifukwa cha dziko lino, ndi wolemba amene anatisiyira umboni wa mmene makolo athu ankamvera ndi kuyankha wailesi. Lero ku Meheba, ku Mayukwayukwa, ku Mantapala ndi ku Dzaleka kuli ana a zaka 12 ndi 13 ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo tsogolo lawo likudikira chikalata cha sukulu, cha ntchito, cha unzika. Mu 1938 eni dziko sanafunsidwe, choncho mlandu wa khomo lotsekedwa lija si wathu. Makomo a lero tikuwagwira ndife.